Kumwetsa thole chithuwi: kusiyira make, botolo kapena chubu?

Thole limabadwa lopanda chitetezo cha m'thupi. Mwa anthu, mayi amapatsira mwana wake asilikali olimbana ndi matenda mwanayo adakali m'mimba, koma mwa ng'ombe magazi a make ndi a mwana amalekanitsidwa ndi minofu ingapo imene asilikaliwo sangathe kuidutsa. M'malo mwake amasonkhana m'mawere m'masabata otsiriza a bere, ndipo amatuluka m'chithuwi, mkaka wachikasu wonanda uja umene ng'ombe imatulutsa ikangoswa. Matumbo a thole lobadwa kumene amatha kulowetsa asilikaliwa m'magazi ali athunthu, osawagaya monga agayira zakudya zina, koma mphamvu imeneyi siikhalitsa. Imakhala yaikulu m'maola 2 oyambirira, pofika maola 6 imakhala itatsika ndithu, pofika maola 12 yatsala yochepa, ndipo akakwana maola 24 njirayo imakhala itatsekeka. Chithuwi chimene thole lamwa tsiku lachiwiri ndi chakudya chabwino ndipo chimathandizabe kulimbana ndi tizilombo m'kati mwa matumbo, koma m'magazi sichifikanso.

Chifukwa cha ichi, funso la njira yomwetsera si laling'ono kwa mlimi wa ng'ombe zamkaka, makamaka amene ali ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri m'khola, monga alili alimi ambiri a ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi Blantyre. Kwa mlimi wotere thole lalikazi ndilo ng'ombe yamawa, ndipo kwa amene adalandira ng'ombe m'ndondomeko yopatsirana, tholelo ndi ngongole imene ayenera kubweza kwa mnzake amene akudikira. Likafa ndi kutsegula m'mimba pa sabata yachiwiri, kapena ndi chibayo pa mwezi wachiwiri, kawirikawiri anthu amafunafuna chifukwa m'zimene zachitika masiku amenewo, pamene chiyambi cha vutolo chimakhala m'maola oyambirira a moyo wake.

Pofuna kuyerekeza njira zomwetsera, tiyenera kuyamba tadziwa chimene tikufuna kuti thole lilandire. Asilikali ofunika kwambiri m'chithuwi ndi amene akatswiri amawatchula kuti IgG. Chithuwi chabwino chimakhala ndi magalamu 50 kapena kuposerapo a IgG pa lita imodzi, ndipo thole limafunika kulandira magalamu osachepera 150 mpaka 200. Lamulo losavuta kukumbukira n'lakuti thole limwe chithuwi chokwana gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake m'maola oyambirira. Thole la Friesian lolemera makilogalamu 40 lifunika malita 4, la Jersey lolemera makilogalamu 25 lifunika malita 2 ndi theka, ndipo la mtundu wosakaniza limagwera pakati pa awiriwa. Thole limene magazi ake ali ndi IgG yosakwana magalamu 10 pa lita likatha tsiku limodzi kapena awiri limawerengedwa kuti silinalandire chitetezo chokwanira. Mu 2020 gulu la akatswiri a ku America lidakweza muyezo umenewu ponena kuti magalamu 10 ndi malire a kulephera chabe, ndipo thole lotetezedwa bwino kwambiri ndi limene lafika magalamu 25. Njira iliyonse tsono iyesedwe ndi mafunso awa: kodi thole lamwa msanga, kodi lamwa chokwanira, ndipo kodi chimene lamwacho chinali chaukhondo?

Kusiyira make

Iyi ndiyo njira ya makolo, ndipo pa ng'ombe zathu za Zebu imagwira ntchito bwino kuposa mmene mabuku ena olembedwera mafamu akuluakulu a kunja amanenera. Ng'ombe ya Zebu imasamala mwana wake kwambiri, imamunyambita mpaka aume, mawere ake ndi aang'ono ndi okwera, nsonga zake ndi zoti thole limazigwira mosavuta, ndipo thole lake limadzuka msanga. Kuwonjezera apo, Zebu siitulutsa mkaka bwino mwana wake palibe, kotero kuti mlimi amene angachotse thole nthawi yomweyo kuti akame chithuwi angathe kuvutika kupeza ngakhale lita imodzi. Chithuwi choyamwa pabere chimakhala pa kutentha koyenera, sichidutsa m'chiwiya chilichonse, ndipo thole limamwa pang'onopang'ono kangapo. Kwa mlimi wa Zebu, ntchito yaikulu ndi kuonetsetsa kuti ng'ombe yaswera pamalo ouma, opanda matope ndi ndowe, ndi kuti thole layamwadi lisanathe maola 2.

Nkhani imasintha tikafika pa Friesian, Holstein ndi ng'ombe zosakaniza zimene magazi a ng'ombe zamkaka achuluka. Ng'ombe zimenezi zidasankhidwa kwa mibadwo yambiri chifukwa cha kuchuluka kwa mkaka, osati chifukwa cha kulera. Thole lobadwa kumene limafunafuna bere m'mwamba, pakati pa mwendo ndi mimba, pomwe ng'ombe yaikulu imene yaswa kanayi kapena kasanu imakhala ndi mawere olendewera pafupi ndi pansi, nsonga zake zotupa ndi zonenepa. Mlimi akayang'ana ali pakhomo la khola amaona thole lili pansi pa make, mutu ukugundagunda, mchira ukugwedezeka, nkumati layamwa, pamene kwenikweni likunyambita khungu la m'ntchafu kapena likuyamwa ubweya wodetsedwa ndi ndowe. Choipa n'chakuti tizilombo timene lameza pofunafuna bere timafika m'matumbo chithuwi chisanafike, pa nthawi imene matumbowo ali otseguka kulowetsa chilichonse m'magazi. Msoti woswa koyamba nawo uli ndi vuto lake, chifukwa nthawi zina umachita mantha ndi mwana wake, umaponda kapena kuthawa pamene thole lagwira nsonga yopweteka.

Mu 1991 akatswiri a pa Washington State University ku America adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa mafamu atatu a ng'ombe zamkaka amene ankamwetsa chithuwi m'njira zosiyana. Pa famu imene mathole ankasiyidwa kuti ayamwe okha, pafupifupi 61 mwa 100 alionse sadalandire chitetezo chokwanira. Pa famu yomwetsa ndi botolo adali 19, ndipo pa famu yomwetsa ndi chubu, kapaipi kolowetsedwa m'njira ya chakudya, adali 11. Ndi bwino kukumbukira kuti awa adali mafamu atatu osiyana, kotero kuti kusiyana konseko sikungaikidwe pa njira yokha, komabe kusiyana kwa 61 ndi 19 ndi kwakukulu kwambiri moti sikungakhale kwangozi, ndipo kafukufuku wina wa pambuyo pake wakhala akuloza mbali yomweyo. Vuto la kusiyira make si lakuti chithuwi cha pabere n'choipa ayi, koma lakuti palibe amene amadziwa nthawi imene thole layamba kumwa ndi kuchuluka kwa chimene lamwa.

Pali njira yapakati, yomwe ndi kuthandiza thole kuyamwa. Mlimi amatsuka mawere ndi madzi ofunda, amapukuta ndi nsalu yoyera, amakama madontho oyambirira pansi kuti atsegule nsonga, kenaka amaimiritsa thole ndi kulilowetsa nsongayo m'kamwa. Likayamwa mwamphamvu kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, mimba yake kumanzere ndi kumanja nkuoneka yodzaza, nsonga imene layamwa nkukhala yofota ndi yonyezimira ndi malovu, pamenepo pali chiyembekezo chabwino. Njirayi ndi yabwino kuposa kungosiya, koma imafuna munthu woleza mtima amene alipo pa nthawi yoswa, ndipo ng'ombe zambiri sizisankha kuswa masana.

Botolo

Kwa mlimi wa ng'ombe zamkaka zowerengeka, ine ndimaona kuti botolo la nsonga yamphira ndilo liyenera kukhala njira yoyamba, ndipo zifukwa zake ndi zitatu zimene zimalowererana. Choyamba n'chakuti mlimi amaona ndi maso ake kuti malita angati alowa. Chachiwiri chikukhudza mmene mimba ya thole idapangidwira. Ng'ombe ili ndi zifu zinayi, ndipo mwa thole lobadwa kumene chimene chimagwira ntchito ndi chachinayi, chogaya mkaka. Thole likamayamwa, minofu ina m'kati imapindika nkupanga ngalande imene imatenga mkaka kuchokera kummero mpaka m'chifu chachinayi, osagwera m'chifu chachikulu chimene udzu udzafikiremo likadzakula. Kuyamwa nsonga yamphira kumapanga ngalandeyi monga momwe kuyamwa bere kumachitira, choncho chithuwi chimafika msanga m'matumbo. Chachitatu, botolo limakakamiza mlimi kukama ng'ombe msanga, ndipo ichi chili ndi phindu lake palokha.

Ng'ombe ikangoswa, mawere amasiya kusonkhanitsa asilikali ndipo amayamba kupanga mkaka wamba umene umasungunula chithuwi chimene chilimo. Kafukufuku wa pa University of Missouri wa mu 2005 adapeza kuti poyerekeza ndi chithuwi chokamidwa patatha maola 2, chokamidwa patatha maola 6 chidali ndi IgG yochepa ndi magawo 17 pa 100, cha maola 10 ndi magawo 27, ndipo cha maola 14 ndi magawo 33. Izi zikutanthauza kuti mlimi amene ng'ombe yake yaswa 10 koloko usiku, iye nkumati tidzakama mawa pa nthawi yathu ya masiku onse, wataya kawiri: chithuwi chasungunuka, ndipo matumbo a thole ayamba kale kutsekeka.

Pomwetsa, thole likhale chiimire kapena litagona chafufumimba mutu uli chilili, ndipo botolo ligwiridwe pa msinkhu wa bere, mphuno ya thole isaloze kumwamba kwenikweni. Bowo la nsonga likhale loti botolo likazondotsedwa chithuwi chizidontha, osati kuchucha. Chithuwi n'chonanda ndipo chimatuluka pang'onopang'ono, choncho anthu ambiri amatenga lumo nkukulitsa bowo kuti ntchito ithe msanga, koma thole lofooka silitha kumeza mofulumira chotero ndipo china chimalowa m'mapapo, zomwe zimabweretsa chibayo patapita masiku ochepa. Mabotolo a zakumwa opanda nsonga, amene munthu amathira nawo mkaka m'kamwa mwa thole atalikweza mutu, ndi oopsa pa chifukwa chomwechi. Kutentha kwa chithuwi kukhale kofanana ndi kwa thupi la ng'ombe, madigiri 38 mpaka 39, ndipo amene alibe choyezera adonthezere pang'ono pamkono monga achitira mayi poyesa phala la mwana.

Kufooka kwa botolo n'kwakuti limadalira chilakolako cha thole. Mathole ambiri amamwa malita 2 nkusiya, ndipo ena amatenga theka la ola kuti amalize lita imodzi. Pamenepo mlimi asataye chotsalacho, koma achisunge pozizira, achifunditsenso ndi kumwetsa asanathe maola 6, kenaka amwetsenso kachiwiri asanathe maola 12. Botolo ndi nsonga yake zimabisanso litsiro kuposa chiwiya china chilichonse, popeza mafuta a chithuwi amamatirira m'makona ndi m'ming'alu ya mphira yakale. Zitsukidwe poyamba ndi madzi ofunda pang'ono, kenaka ndi madzi otentha a sopo ndi burashi, nkuziumitsa pathandala zitazondoka. Kuyamba ndi madzi owira kumaphika zotsalirazo nkuzimatiriza kwambiri.

Chubu

Chubu chomwetsera ndi kapaipi kolimba kokhala ndi kampira kosalala kunsonga, kolumikizidwa ku thumba kapena botolo. Chimalowetsedwa kudzera m'kamwa mpaka m'njira ya chakudya, ndipo malita 3 kapena 4 amatha kulowa m'mphindi zochepa, thole lifune lisafune. Pa mafamu akuluakulu a ku America ndi kwina, kumene mathole ambiri amabadwa tsiku limodzi, ambiri amamwetsa thole lililonse ndi chubu chifukwa antchito alibe nthawi yonyengerera. Kwa mlimi wa ng'ombe ziwiri chifukwa chimenechi kulibe, koma pali mathole amene popanda chubu sangapulumuke: lobadwa movutikira limene lachita kukokedwa, lotupa lilime ndi mutu, lobadwa masiku asanakwane, amapasa, kapena lozizidwa limene silikuyamwa chala chikaikidwa m'kamwa. Thole lotere likadikiridwa kuti lipeze mphamvu lokha, maola ofunika aja amatha.

Anthu ena amakana chubu ponena kuti popeza thole siliyamwa, ngalande ija siipangika ndipo chithuwi chimagwera m'chifu chachikulu. Izi n'zoona, koma chifu chachikulu cha thole lobadwa kumene n'chaching'ono, ndipo chithuwi chimasefukira m'chifu chachinayi, chotsalacho nkutsatira m'maola ochepa. Mu 2009 akatswiri a pa University of Minnesota adayesa zimenezi mwachindunji. Pamene mathole adapatsidwa lita imodzi ndi theka yokha, omwa ndi botolo adali ndi IgG yambiri m'magazi kuposa omwetsedwa ndi chubu, koma pamene adapatsidwa malita 3, kusiyana kudalibe. Phunziro lake ndi lakuti amene wasankha chubu apereke muyezo wonse nthawi imodzi, chifukwa kumwetsa pang'ono ndi chubu ndiko kumataya.

Ngozi yeniyeni ya chubu ili m'manja mwa wochigwiritsa ntchito, chifukwa chikalowa m'njira ya mpweya, chithuwi chimathiridwa m'mapapo ndipo thole lingafe pomwepo. Pachifukwa ichi munthu asayambe yekha pongowerenga, koma aonetsedwe ndi mlangizi wa ziweto kapena dokotala wa ziweto, ndipo ayese koyamba iwo ali pomwepo. Zoyenera kudziwa ndi izi. Utali wolowa umayezedwa kunja, kuchokera kunsonga ya mphuno mpaka pa chigongono cha mwendo wakutsogolo, ndipo pamenepo pamaikidwa chizindikiro. Thole liime litatsamira pakhoma, kapena ligone chafufumimba, koma lisamwetsedwe litagona chammbali, ndipo limene silingathe kudzutsa mutu liyambe lafunditsidwa. Paipi ikhale yopindidwa kapena yotsekedwa kuti pasatuluke kanthu polowetsa. Kampira kanyowetsedwe ndi chithuwi, kayendetsedwe pang'onopang'ono pamwamba pa lilime, thole lipatsidwe mpata womeza. Kenaka dzanja lina ligwire khosi kumanzere. Ngati chubu chili m'njira yoyenera, zala zimamva zinthu ziwiri zosiyana, kholingo lolimba lamizeremizere ndi kampira koyenda pambali pake pansi pa khungu. Ngati chimene chikumveka ndi kholingo lokha, kapena thole likutsokomola ndipo mpweya ukutuluka m'paipi, chubu chichotsedwe nkuyambanso. Chithuwi chitsike chokha popanda kufinya thumba, ndipo chikatha, paipi ipindidwenso isanasololedwe kuti madontho otsala asagwere m'njira ya mpweya. Chubu chong'ambika kapena chokanda kunsonga chitayidwe chifukwa chimavulaza kummero, ndipo chimene chimagwiritsidwa ntchito pa mathole otsegula m'mimba chisakhale chomwecho chomwetsera obadwa kumene.

Za ndowa sitichedwapo. Thole silidziwa kumwa litaweramitsa mutu, limayenera kuphunzitsidwa poliyamwitsa zala zoviikidwa mu mkaka, ndipo maphunzirowo amatenga tsiku kapena awiri, pamene chithuwi chambiri chimathera pansi ndi pa zovala za mlimi. Ndowa ndi yothandiza kuyambira tsiku lachitatu kapena lachinayi, koma si chiwiya cha chakudya choyamba.

Pamene chithuwi cha make palibe kapena n'chosadalirika

Njira zonse zimene zatchulidwazi zikutengera kuti ng'ombe yaswa bwino ndipo ili ndi chithuwi chabwino, koma sizikhala choncho nthawi zonse. Ng'ombe ingafe poswa, ingagwe osadzukanso, kapena mawere ake angakhale otupa ndi matenda, chithuwi nkumatuluka chamagazi kapena chamibulu. Palinso vuto lina limene limachokera kwa mlimi mwini. Ng'ombe imafunika kusiya kukamidwa masiku pafupifupi 60 isanaswe kuti mawere apume ndi kukonza chithuwi, koma chifukwa ndalama ya mkaka ndiyo imagula sopo ndi kulipira sukulu, ena amakama mpaka kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo chithuwi chimene chimatuluka chimakhala chochepa ndi chofooka. Chimodzimodzi ng'ombe imene yakhala ikudontha mkaka masiku angapo isanaswe, kapena imene mlimi waikama isanaswe poimvera chisoni kuti mawere atupa, imakhala itataya kale gawo labwino la asilikali ake.

Maso okha sangathe kuweruza. Chithuwi chachikasu kwambiri ndi chonanda nthawi zambiri chimakhala chabwino kuposa chamadzimadzi, koma mtundu umachokera ku mafuta ndi ku zimene ng'ombe yadya, ndipo chithuwi cha Jersey chimaoneka chachikasu mwachibadwa. Chida chodalirika ndi kachipangizo kogwira m'manja kotchedwa Brix refractometer, kamene kamagwiritsidwanso ntchito poyeza shuga m'nzimbe ndi m'zipatso. Madontho awiri amaikidwa pagalasi, munthu nkusuzumira kuwala, ndipo ngati muyezo wafika 22 kapena kuposerapo, chithuwicho n'choyenera chakudya choyamba. Chotsika kuposa pamenepo chisatayidwe, koma chisungidwire chakudya chachiwiri ndi chachitatu. Kale kunali chikhulupiriro chakuti chithuwi cha msoti woswa koyamba n'chachabechabe. Zoona zake n'zakuti cha ng'ombe zazikulu nthawi zambiri chimaposa, popeza zakumana ndi matenda ambiri pa moyo wawo, koma misoti yambiri imafika muyezo, ndipo kuyeza ndiko kumathetsa mkangano.

Cholowa m'malo chabwino koposa ndi chithuwi cha kukama koyamba cha ng'ombe ina yathanzi ya m'khola lomwelo kapena m'mudzi womwewo, chifukwa asilikali ake amadziwa tizilombo ta m'deralo. Apa pafunika kusamala, popeza chifuwa chachikulu cha ng'ombe, matenda ochotsa bere otchedwa brucellosis, matenda otsegula m'mimba kosatha otchedwa Johne's ndi tizilombo ta Salmonella zimatha kudutsa m'chithuwi. Ng'ombe yowonda popanda chifukwa, yotsokomola, yotsegula m'mimba kosatha kapena imene idatayapo bere isapereke chithuwi kwa thole la ng'ombe ina, ndipo chithuwi cha ng'ombe zingapo chisasakanizidwe m'chiwiya chimodzi, chifukwa imodzi yodwala imaipitsa chonse, komanso chofooka chimene chimakhala chochuluka chimasungunula champhamvu. Mafamu amene ali ndi makina amatenthetsa chithuwi pa madigiri 60 kwa mphindi 60, zomwe zimapha tizilombo tambiri popanda kuononga IgG. Malire ake ndi opapatiza kwambiri, ndipo kutentha kukapitirira pang'ono asilikali amaonongeka, chithuwi nkulimba. Pamoto wa nkhuni kapena pambaula palibe amene angasunge madigiri 60 kwa ola lathunthu, choncho mlimi wamba asawiritse chithuwi, koma aike mtima pa kusankha ng'ombe yathanzi ndi pa ukhondo wa manja ndi ziwiya.

Ukhondowu ndi wofunika kwambiri m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Tizilombo m'chithuwi chofunda timatha kuchulukana kawiri pa mphindi 20 kapena 30 zilizonse, kotero kuti ndowa yokamidwa m'mawa nkusiyidwa pakhonde mpaka masana imakhala itasanduka chinthu china, ndipo tizilombo tambiri m'chithuwi timachepetsanso kuchuluka kwa IgG imene imalowa m'magazi. Chimene sichimwedwa lisanathe ola limodzi chiziziritsidwe. M'firiji chimakhala bwino tsiku limodzi kapena awiri, ndipo chikaumitsidwa m'firiza chimatha kukhala mpaka chaka. Ndi bwino kuchiika m'mapepala apulasitiki olimba kapena m'mabotolo a lita imodzi, chifukwa chiwiya chachikulu chimachedwa kuzizira ndi kusungunuka komwe. Posungunula, chiwiyacho chiviikidwe m'madzi ofunda osapitirira madigiri 50, amene dzanja limatha kupiriramo, ndipo madziwo azisinthidwa akazizira. Kumene magetsi amazimazima, chithuwi chimene chasungunuka chisaumitsidwenso kachiwiri.

Palinso chithuwi chaufa chogulitsidwa m'mapaketi, chimene sichipezeka paliponse ndipo mtengo wake ndi wokwera. Wogula awerenge bwino chimene chalembedwa, popeza pali mitundu iwiri. Wina ndi wolowa m'malo mwa chithuwi ndipo umakhala ndi magalamu 100 kapena kuposerapo a IgG pa paketi, moti thole lalikulu lingafune mapaketi awiri. Wina ndi wongowonjezera, uli ndi IgG yochepa kwambiri, ndipo sungaime pawokha. Ufa wa mkaka wa mathole wamba suli m'gulu limeneli n'komwe. Chosakaniza chija chimene mabuku akale a ulimi amalangiza, cha dzira laiwisi, mkaka, madzi ofunda ndi mafuta pang'ono a nsatsi okonzedwa ngati mankhwala, chimapatsa thole mphamvu ndi kulithandiza kutulutsa ndowe zoyamba zakuda zomata, koma sichilipatsa asilikali a ng'ombe. Thole loleredwa motero lingakhale ndi moyo, koma lifunika khola louma lapalokha, mchombo wake upakidwe ayodini, ndipo mlangizi aitanidwe pa chizindikiro choyamba cha matenda.

Zinthu zitatu zimene zatchulidwazi, chubu, kachipangizo koyezera ndi firiza, n'zovuta kuti mlimi mmodzi azigule chifukwa cha ng'ombe imene imaswa kamodzi pa chaka, koma n'zotheka ku gulu. Magulu osonkhanitsa mkaka, monga amene ali pansi pa Shire Highlands Milk Producers Association kummwera, Central Region Milk Producers Association pakati ndi Mpoto Dairy Farmers Association kumpoto, ali kale ndi malo amene alimi amafikako tsiku ndi tsiku ndi zigubu zawo, ndipo ambiri mwa malowa ali ndi magetsi chifukwa cha mathanki oziziritsira mkaka. Ng'ombe yabwino ya Friesian imatha kutulutsa chithuwi choposa chimene thole lake lingamwe pa chakudya choyamba, ndipo chotsalacho sichigulitsidwa, popeza mkaka wa masiku oyambirira sulandiridwa pamalo osonkhanitsira chifukwa umagwirana ukatenthetsedwa. Lita imodzi kapena awiri a kukama koyamba, oyezedwa, olembedwa tsiku ndi dzina la ng'ombe, atasungidwa ku gulu, angathandize mlimi wina amene ng'ombe yake yagwa usiku.

Chotsala cha kukama kwachiwiri mpaka kwachisanu ndi chimodzi chipitirire kuperekedwa kwa thole masiku atatu kapena anayi oyambirira, kaya ndi botolo kaya pabere. Chithuwi cha kukama koyamba chili ndi zomanga thupi zochuluka kanayi kuposa mkaka wamba ndi mafuta pafupifupi kawiri, ndipo ngakhale izi zimatsika pa kukama kulikonse, mkaka wa masiku amenewa umaposabe wamba ndipo umathandiza matumbo kukhwima. Phindu la kumwetsa mokwanira limaonekanso patali: kafukufuku wa ku America wa mu 2005 pa mathole aakazi a Brown Swiss adapeza kuti amene adamwa malita 4 atangobadwa adakula msanga ndipo adadzatulutsa mkaka wambiri pa kuswa kwawo koyamba ndi kwachiwiri kuposa amene adamwa malita 2. Komabe chithuwi chili ndi malire ake. Chitetezo chimene chimapereka chimachepa pang'onopang'ono m'masabata ndi miyezi yoyambirira pamene thupi la thole likuyamba kupanga asilikali akeake, ndipo sichiyenera kudaliridwa pa chigodola, matenda obwera ndi nkhupakupa amene amapha mathole ambiri a ng'ombe zamkaka m'dera lino. Kupopera mankhwala a nkhupakupa ndi katemera wa chigodola zikhale pa ndondomeko yawoyawo, mogwirizana ndi mlangizi wa ziweto wa m'deralo.